Lole ya a Boniface Yaima pa Mlatho

Kompyuta ya a Boniface Likoswe itayamba kutulutsa uthenga woti Windows yake yakalamba ndipo eni ake asiya kuisamala, bambo aja anasowa mtendere. Osati chifukwa cha ntchito ayi. Iwo ankagulitsa penti ndi misomali mu hadiweya ina m'tauni ya Mzuzu, ndipo msomali sufuna kompyuta. Chinawavuta ndi Loweruka.

Loweruka lililonse masana iwo ndi mwana wawo Tikondane ankayendetsa malole. Malole a mu gemu, inu, musandiyang'ane choncho. Tikondane ali ku Cape Town, bambo ake ali pabalaza ku Katawa, konko ku Mzuzu, atavala juzi pamwamba pa juzi, lole ya mwana patsogolo, ya bambo pambuyo. Koma osalankhulana. Chichokereni tsiku lomwe mtsikanayu anasiya sukulu ya unamwino n'kutsata za makompyuta, bambo ake n'kulankhula mawu osabwezeka m'kamwa, foni ankaimbira mayi ake okha. Gemuyo anangoitumiza popanda ndi moni yemwe. Akakumana pamsewu iye ankaliza hutala, iwo n'kuyankha. Ubale wonse unatsala pamenepo, ndipo a Boniface ankadziwa kuti kompyuta ikafa, mwana wapita.

Anainyamula kupita nayo kwa Fiskani Mhango, wokonza makompyuta pafupi ndi hadiweya.

"Adada, Windows yatsopano pa chigaza ichi singakwere," anatero Fiskani. "Ikani Linux m'malo mwake. Njaulere, ndipo gemu yanu idzathamanga makora chomene."

"Ndipatseni Linux-yo."

"Iti?"

Hee! Kodi iwo ankadziwa kuti Linux ili ngati mipingo, Baibulo limodzi koma zikwangwani mbwee? Fiskani anali wa mpingo wa Arch, wokhulupirira kuti munthu weniweni amamanga chilichonse ndi manja ake. Mnzake Elton, yemwe ankakhalira kucheza pa shopupo ngati analembedwa ntchito, anali wa Mint. Anakangana mpaka malovu kuthethekera pa kompyuta ya eni ake. Anatchula Bazzite yopangidwira magemu, anatchula ina ndi ina, a Boniface akungotembenuza khosi ngati woonerera mpira.

"Mdala, tengani Mint," Elton anamaliza. "Siivuta. Ngakhale okalamba amaitha."

Basi, waononga. Munthu wa imvi safuna kuuzidwa kuti ali ndi imvi.

"Ikani Arch," anatero a Boniface, chifuwa chili patsogolo.

Elton anapukusa mutu, n'kuwaponyera kafulashi m'thumba la malaya. "Muli Mint m'menemo. Sungani, ndi ya tsiku la tsoka."

Fiskani anaikadi Arch Lachisanu, mothamanga, chifukwa ankapita kumaliro ku Rumphi. Loweruka masana a Boniface anakhala pampando, anapukuta magalasi, anayatsa. Mdima bii. Kamzere kakang'ono kokha pakona kakuphethira ngati kakuwanyogodola. Anazimitsa, anayatsanso. Anaimenya pambali monga amachitira ndi wailesi. Foni ya Fiskani sinkapezeka.

Akazi awo, a Marjorie, anasuzumira akusenda nthochi. "Bambo a Tiko, lero mukuyenda ulendo wa usiku? Yatsani nyali za lole, mungagunde ng'ombe za eni."

Iwo sanaseke. Mtima unali kuwawa, chifukwa ankaona mwana wawo atayimika lole pamalo okumanirana, akudikira, kenako n'kuganiza kuti bambo ake atopa naye.

Foni ya a Marjorie inalira. "Ali bwino, ali moyo, akulimbana ndi mdima," anayankha, ndipo asanafunse aliyense anaikankhira pakhutu pa amuna awo n'kubwerera ku nthochi zawo.

"Adadi," mawu a Tikondane anali ouma. "Mwaika chiyani?"

"Arch."

Tikondane phwete, kuseka kwenikweni, kwa m'mimba, komwe sanakumve chichokereni mwanayo. "Arch? Inuyo? Munthu woti kusintha nthawi pa foni mumaitana amami? Wakunamizani ndani?"

"Ndinasankha ndekha."

"Zikuonekadi."

Kafulashi ka Elton kanatuluka m'thumba mwamanyazi. Tikondane anawatsogolera ngati akuwolotsa mwana pamsewu: lowetsani apa, yatsani, dinani batani ili msangamsanga, ayi adadi, osati limenelo. Mint inalowa, galasi linawala zobiriwira. Anawauza kusankha pulogalamu yotchedwa dalaivala, yoyenera kadi ya zithunzi, ndipo iwo anafunsa ngati dalaivalayo ali ndi laisensi. Anaika Steam, mosungira magemu, n'kutsegula Proton, yothandiza magemu a Windows kuyenda pa Linux. Kenako panatsala kutsitsa gemuyo.

Apa ndiye netiweki ya tsiku limenelo, Mulungu aidalitse, inayenda ngati ngolo ya m'matope. Kamzere kotsitsa kankasuntha pang'onopang'ono, ndipo anthu awiri sangangopumirana pa foni mpaka kalekale.

"Kukuzizira kumeneko?" Tikondane ndi amene anayamba.

"Mzuzu ukuudziwa. Mvula yamawawa chiyambire m'mawa."

Zinayambira pamenepo. Anamva kuti mwana wawo anakwezedwa pantchito, kuti amakhala pafupi ndi njanji, kuti anadwala chifuwa mwezi wa June osauza munthu. Iwonso ananena za bondo lawo ndi za galu wa aneba amene anadya nsapato yawo ya ku tchalitchi. Mpaka Tikondane anati akupita kukagula zakudya. "Ikatha kutsitsa muyese, mudzandiuze Loweruka."

Gemu inatheka tsiku lomwelo. Inathamanga myaa kuposa kale, mitengo ya m'mbali mwa msewu mpaka masamba kuoneka. Sabata yonse akaweruka ankakwera lole yawo, okha, akuimba mluzu. Koma chimwemwecho chinali ndi fupa. Zinthu zikatheka, mwana adzaimbiranji?

Loweruka linafika, ndipo foni imene inalira inali yawo, osati ya akazi awo.

"Adadi, yatheka?"

A Boniface, mkulu wa mpingo, munthu wowerenga zolengeza pa guwa, anaimika lole, anakonza kukhosi. "Aaa, mwanawe, yakanika. Mdima wokhawokha. Mwina tiyambirenso poyamba, tiyese ina ija, Bazzite."

A Marjorie anatsokomola kukhitchini, chifuwa chochita kupanga.

"Adadi," anatero Tikondane pang'onopang'ono, "Steam imationetsa anzathu akalowa mu gemu. Sabata yonse ino dzina lanu lakhala likuyaka. Panopa ndalowa, ndili kumbuyo kwanu. Mwaima pakati pa mlatho."

Anayang'ana pa galasi loonera kumbuyo la lole yawo. Inalipodi, lole yofiira, yayatsa nyali. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Anafunafuna bodza lina, koma munthu wosazolowera amakhala nalo limodzi lokha.

"Ndimaopa, Tiko," anatero. "Ndimati ikatheka sudzaimbanso."

Anachotsa foni pakhutu kuona ngati yaduka. Atabwezera anamva mwana wawo akufwenthera.

"Chotsani lole pa mlatho, mukutsekereza anthu," anatero. "Foni musadule. Ikani patebulo, mukweze mawu. Tiyeni, ndipo mundiuze bwinobwino za bondolo, kuchipatala munapita kapena mukungolipaka mafuta?"