Tizigoba ta Mayi Etta

Pa 14 Malichi 2006, pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Ilford, Wezzie Nyirenda, mmodzi wa ogwira ntchito pamenepo, anakhuthulira tizigoba tonse ta mayi Etta m'botolo limodzi.

Sanachite mwadala. M'mawa womwewo manijala analamula kuti tinthu ting'onoting'ono tichoke pa matebulo, kuopa kuti okalamba ena angameze. Pa tebulo la mayi Etta panali timbale tondandalika bwino, kalikonse kali ndi tizigoba ta nkhono za m'nyanja, tochepa ngati njere za mawere. Kwa Wezzie tonse tinali tofiirira basi. Eni ake anali kosamba.

Mayi Etta anabadwira ku Hawaii, pa kachilumba komwe akazi amatola tizigoba totere mumchenga n'kumatunga mikanda. Anakwatiwa ndi Mngelezi n'kubwera ku London mu 1961. Tizigobato ankatumiza ndi mkulu wawo, amene anamwalira mu 1999. Mkanda umene ankatunga tsopano unali woti mdzukulu wawo Miriam adzavale pa ukwati wake pa 3 Juni.

Atabwerako kosamba, mayi Etta anapapasa tebulo lonse.

"Timbale tanga tili kuti, mwanawe?"

Wezzie anawaikira botolo m'manja. Mayi Etta analikhutchumula pang'ono, n'kumvetsera.

"Ndinasankha ndikadali ndi maso," anatero motsitsa mawu. "Tofiira patokha, totuwa patokha, tamawanga patokha. Zala zanga zimachotsa mchenga ndi singano, zimaboola, zimamanga mfundo. Koma mtundu sizidziwa. Ndinkaudziwira pamene kambale kali."

Sanakalipe, ndipo Wezzie analakalaka akanakalipa.

Kuyambira tsikulo nthawi yake yopuma inkathera pawindo, akusankha. Kukachita mitambo, tofiira tinkaoneka totuwa. Akayatsa magetsi, zonse zinkasinthanso. Monde, mnzake wa ku Lusaka, anasuzumira tsiku lina ali ndi kapu ya tiyi m'manja.

"Iwe Wezzie, vonse ni vimozi ivi. Ba mbuya sibaona, bauze chabe ati wasiliza."

"Ku ukwatiko kubwera azibale awo a ku Hawaii. Iwowo amaona."

"Nanga iwe uona?"

Wezzie anapitiriza kusankha.

Mu Epulo mayi Etta anayambanso kutunga. Ankatola kachigoba m'kambale, n'kukatukula m'mwamba.

"Aka n'kofiira?"

"Ndikuganiza choncho, mayi."

"Ukuganiza," ankatero, n'kuboola. Tina tinkasweka pa singano, ndipo panalibe wotumiza tina.

Mkandawo unatha pa 30 Meyi. Wezzie anauyang'ana padzuwa, anauyang'ananso pamthunzi. Penapake mizere yofiira inkaoneka ngati yasokonekera, penapake ayi. Mayi Etta anauyendetsa m'zala kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, kenaka anauika kunsi kwa pilo.

Miriam anaimba foni kuti abwera Lachisanu kudzautenga. Pofika Lachinayi, Wezzie akuweruka, mkanda unali ukadali kunsi kwa pilo, ndipo mayi Etta anali asananene ngati aupereka.