Kamera m'thumba la malaya

A Milunka anachenjeza amuna awo ataima pakhomo, manja ali ufa wokhawokha.

"Bambo a Stanimir, mwana asanabadwe sagulira kanthu. Koma poti inu simumva, mukagula kamera yanuyo musaitulutse tsiku lobadwa mwana. Mukudziwa zimene amuna amachita ndi malaya tsiku limenelo. Dikirani akwane masiku makumi anayi, tikapite ndi mphatso ngati anthu."

"Ndamva, mayi," anatero a Radoje uku akusaka chipewa. Mwamuna akamayankha maso ali kwina, dziwani kuti palibe chalowa.

Chimene chinkawavuta a Radoje n'chakuti Stanimir, mwana wawo mmodzi yekhayo, analibe chithunzi cha ukhanda. Chinalipo chimodzi, koma madzi atasefukira m'nyumba chinapita ndi matope. Tsopano Jasna, mkazi wa Stanimir, anali woyembekezera. Ku chipatala cha amayi amuna salowa, amaima pansi pa zenera, mayi n'kunyamula khanda kuwaonetsa ali m'chipinda cha pamwamba. A Radoje ankafuna kuti nthawi imeneyo Stanimir akhale ndi kamera m'manja, nkhope ya mdzukulu isadzasowe ngati ya bambo ake.

Anakwera basi kupita ku tauni ya Kraljevo, nalowa m'sitolo ya zamagetsi. Wogulitsa, bambo wadazi wamagalasi, anawatulutsira kamera yaikulu yakuda. A Radoje atamva mtengo anakhosomola.

"Achimwene, ine ndikugulira mdzukulu kamera, osati thirakitala."

"Ndiye muli ndi zingati, madala?"

"Za nkhumba imodzi. Yowonda."

Wogulitsayo anaseka, natulutsa ina yaing'ono, yokwana m'dzanja. Anati imeneyi ndi yotchipa koma imajambula mbee, tsitsi limaoneka limodzilimodzi. A Radoje anaitembenuza uku ndi uku, anainunkhiza, anafunsa kumene kanemayo amakhala. Atawaonetsa kakhadi kochepa ngati chikhadabo, anapukusa mutu.

"Mwana yense n'kukwana umu? Ndi kulira kwake komwe?"

"Ndi apongozi anu omwe akwanamo."

"Nanga zakutali? Zenera la chipatala lili kumwamba."

Anatuluka nayo panja. Wogulitsa anawaonetsa kabatani kokankha, ndipo nkhunda imene inali padenga la banki inabwera mpaka pamphuno pawo. A Radoje anabwerera m'mbuyo. Anaona diso lake lofiira, anaona nthenga imodzi yothyoka. Anaibweza, anaikokanso, anaibwezanso, mpaka nkhundayo inatopa n'kuuluka. Kenaka anayesa kuika kamerayo m'thumba la malaya. Inalowa bwinobwino, ndipo chimenechi ndicho chinawachititsa kuigula. Chinthu chodula sichiikidwa m'thumba la malaya, ndi mwana yemwe amadziwa.

Kunyumba anaibisa m'chipinda cha pansi, kuseri kwa mabotolo a jamu wa maplamu. Mawa lake anapeza bokosilo litamangidwa ulusi wofiira, wotchinjiriza diso loipa. Inali ntchito ya a Milunka. Masana aliwonse ankatsikira kumeneko kukaphunzira: anajambula kangaude, anajambula chala chawo, anajambula galu akuyasamula.

Jasna anachira Loweruka m'mawa. Mwana wamkazi. Dzuwa lisanafike pamutu bwalo linali litadzaza, nkhumba yowotcha ikuzungulira pamoto, kabichi ndi nyama zikuwira mumphika waukulu wadothi, oimba malipenga atafika osaitanidwa. Aliyense wolowa ankayamba wagwira malaya a Stanimir n'kung'amba, monga mwa mwambo, kuti mwana akule wathanzi. Mnyamatayo anali atavala kale achitatu, nawonso atasanduka zingwe.

A Milunka anawaona amuna awo akutuluka m'chipinda cha pansi, thumba litatupa.

"Bambo a Stanimir."

"Amang'amba a bambo wa mwana, osati anga. Ndingomusungira mpaka tinyamuke kupita ku chipatala."

"Mnansi wathu Ljubisav wamwa kale."

"Ljubisav amamwa tsiku lililonse."

Akanakhala phee pakona, mwina akanapulumuka. Koma chidwi chinawagwira: kodi malipenga angamveke bwanji m'kanthu kakang'ono chonchi? Anaitulutsa, anadina batani, nyali yofiira inayaka. Nthawi yomweyo Ljubisav, mnansi wawo wamanja ngati mafosholo, anakuwa ali ku mphika.

"Taonani uyo! Gogo watsopano wavala malaya oyera ngati mkwati! Radoje, nkhalamba iwe, ukuyesa mdzukulu amabwera ulere?"

A Radoje anaponya kamera m'thumba osaizimitsa, nayamba kubwerera chafutambuyo. "Ljubisav, dikira, muli chinthu umu, dikira kaye!" Malipenga anameza mawu awo. Amuna anayi anawazinga. Ljubisav anagwira pathumba penipeni n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Nsalu inalira kwee, mabatani anabalalika, ndipo kamera inauluka pamwamba pa mitu ya anthu, inatembenuka kawiri, n'kugwera mumphika wa kabichi.

Anaivuula ndi chipande. Anaipukuta, anaiuzira, anaiika padzuwa. Sinayakenso.

Madzulo anakaima pansi pa zenera la chipatala, Stanimir ali m'zingwe zake, a Radoje atavala jekete pathupi lopanda malaya. Jasna anatulukira pamwambapo nanyamula kanthu koyera kokulungidwa.

"Mukumuona, bambo?" anafunsa Stanimir.

A Radoje anatsinzinira diso limodzi, anatchinga dzuwa ndi dzanja. Chala chawo chinkakankha kabatani kamene kunalibe.

"Ndikuona ngati buledi," anatero.

Kakhadi kaja kokha ndiko kanapulumuka. Atakwana masiku aja, abale onse atasonkhana kudzaona mwana, Stanimir anakalumikiza ku wailesi ya kanema. Anthu anaona kangaude, chala, galu. Kenaka mdima, ndi mawu a munthu akuchonderera Ljubisav. Kenaka kuwala: chifuwa cha a Radoje chinadzaza galasi lonse, cheya choyera chikuoneka chimodzichimodzi monga anenera wogulitsa uja, mchombo, thambo, nkhope ya a Milunka atagwira pakamwa, ndi kabichi akubwera.

"Bwezanso!" anakuwa Ljubisav. Anabweza kasanu.

Nkhope ya mdzukulu ya tsiku loyamba palibe ali nayo. Koma mlendo aliyense wofika kwa Stanimir amamukhazika pansi n'kumuonetsa mimba ya a Radoje, ndipo eni ake amatuluka kukaima panja ndi galu mpaka kanemayo athe.