Botolo la a Zakariya

Ndinkasankha mpunga m'lichero, kamwala kamodzikamodzi, dala kuti ndichedwe kulowa m'nyumba. M'katimo bambo ankatsokomola. Anali atatha masiku anayi chitulukire m'chipatala ku Mua, kumene korona inawagoneka masabata awiri. Chifuwa chinali chitapepukako, koma maso anali achikasu, mimba ili yotupa.

Wowadikirira kuchipatalako ndinali ine, poti amayi ankakolola ku Bwanje. Tsiku lotuluka, adokotala anandiitanira pambali. Anati chiwindi cha bambo chinali chitafooka kale ndi kachasu wa zaka zambiri, ndipo matendawa achipwetekeratu. "Asalawe ngakhale dontho. Akamwanso sitidzatha kuwathandiza." Ndinauza amayi okha, monong'ona. Iwo anangoti, "Ndamva."

Belu la njinga linalira pabwalo. Anali a Zakariya a ku Golomoti, akulu awo a bambo.

"Kettie! Wodwalayo alipo, kapena mwamumaliza ndi phala?"

Bambo anatuluka akugwira khoma nakhala pamkeka. A Zakariya anasolola botolo m'jekete. Munkayandama adyo ndi zidutswa za mandimu, koma atangotsegula, fungo la kachasu linandipeza pomwe ndinakhala.

"Pitala, mankhwala ako awa. Korona imathawa zimenezi. Ine chiyambire mliri sindinayetsemuleko."

Anapapira pang'ono. "Ndachotsa ufiti, mwaona nonse."

"Mwavutika, alamu," anatero amayi atagwada, maso ali pansi. Kwathu kuno, chimene mkulu wabweretsera wodwala, n'kulawa yekha, sichikanidwa. Kukana n'kunena kuti ukumuganizira zoipa.

"Tenga kapu, Kettie," anatero bambo.

Ndinapita kukaitenga. Ndinaitsuka kawiri ngakhale inali yoyera, ndikudikira kuti amayi anenepo kanthu.

"Fulumira, iwe! Kusekondale amakuphunzitsani kuyenda ngati bilimankhwe?" A Zakariya anatambasula dzanja akuseka.

Ndinagwada, koma kapu ndinaigwiritsa pachifuwa. Mawu anatuluka aang'ono.

"Bambo aakulu, sindipereka."

"Wati chiyani?"

"Sitikukuganizirani zoipa. Koma adokotala anati chiwindi chawo chawonongeka, akamwanso amwalira. Taonani maso awowo. Ndinagona pakhonde la wodi masabata awiri, osadziwa ngati akupumabe. Mundikwiyire, mukanene kwa abale onse kuti ndine wamwano. Koma bambo anga samwa zimenezo."