Nsomba za Msuweni Wanga Sizinkadwala

Kumalo oweta nsomba za tirauti kumene ndinkathandiza tikaweruka kusukulu, maiwe ake ndi asimenti, ondandana potsetsereka. Madzi amalowa m'dziwe lakumtunda, n'kumatsikira m'enawo.

Ine ndi amene ndinayamba ntchito pamenepo. Msuweni wanga anangobwera dzanadzanali, koma bwana atagula nsomba zatsopano, zazikulu, zamawangamawanga, anapatsa iyeyo, dziwe lakumtundanso! Ine anandisiya kumunsi ndi tiana ta nsomba. Mtima unandiwawa, sindinama.

Posakhalitsa tiana tanga tinayamba kuda, timaso kutuzuka, n'kumazungulirazungulira ngati taledzera. Tsiku lililonse ndinkavuula takufa chidebe tho. Za msuweni zili phee, kudya ngati alendo.

"Asuweni, dzanja lanulo silabwino," ankatero akumwaza chakudya monyang'wa. "Ngakhale mwala mutaweta ungafe."

"Iwe, usandiyambe. Unabwera kuno osadziwa n'komwe kuti nsomba ilibe zikope."

Bwana ananeneratu kuti zinthu zavuta, asunga mtsikana mmodzi yekha. Aliyense ankadziwa kuti wopita ndine.

Kenako kunabwera dokotala wa ziweto, mayi wamagalasi, n'kutenga nsomba za m'maiwe onse kukapima. Atabweranso anatiimika tonse m'mbali mwa madzi.

"Ndi kachirombo," anatero. "Kanabwera ndi zazikuluzi. Zinadwalapo kumene munazigulako n'kuchira, koma kachiromboko zikali nako. Kamatuluka ndi mkodzo ndi ndowe zawo, madzi n'kukatsitsira kwa tianati, timene tilibe mphamvu. Zonse ziphedwe, maiwe aumitsidwe, muthire laimu."

Abale inu, ndinayesetsa kudzigwira. Ndinaluma mlomo, ndinayang'ana kumwamba, koma nditaona nkhope ya msuweni chiseko chinangophulika chokha.

"Eee, asuweni! Kani mfumukazi zanu zija zimakodzera ana anga?"

Palibe anaseka. Msuweni anakhala pansi n'kuyamba kulira, mamina chuchuchu, akutchula nsomba zake mayina. Bwana, amene chuma chake chonse chinali chitangoweruzidwa kuti chikwiriridwe, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ndiye ali ndi mtima ndi nsomba," anatero, akumusisita msuweni paphewa. "Iwe, usabwerenso mawa."

Pano msuweni ndi amene akukwecha maiwe, ndipo akuti nsomba zina zikabwera adzayang'anira onse, kumtunda ndi kumunsi komwe. Ine tiana tanga tija ndinali nditatilira kale masabata angapo pamene tinkafa, kungoti ndinkalirira kuseri kwa shedi.