Maiki Imodzi

Bandi ya alamu ake a telala inkaimba nyimbo zachizungu za kantire ndi bulugirasi, onse atazungulira maiki imodzi. Alamuwo akakugwedezera mutu, umasendera pamaikipo n'kuliza gitala yako, enawo akukuperekeza chapansipansi. Telala anali asanagwedezeredwepo mutu. Ntchito yake inali rizimu, kumbuyo uko, dum-tcha, dum-tcha, ngati makina ake osokera.

Anayamba kuphunzira lidi, gitala yotsogolera nyimbo, mushopu mwake, pakati pa mathalauza a eni ake, mpaka nsonga za zala zinauma gwa, osaimvanso singano.

"Alamu, Loweruka mundipatseko mpata," anapempha. "Mwana wanga akubwera kudzaonera."

"Osadandaula, a Singano. Muzingoyang'ana mutu wangawu."

Loweruka holo inadzaza. Mwana wamkazi wa telala anakhala kutsogolo, foni ili m'mwamba. Nyimbo itafika pakati, wa banjo anamaliza gawo lake n'kubwerera m'mbuyo. Alamu aja anatembenuka, anamuyang'ana telala, nagwedeza mutu.

Telala anasendera kutsogolo, zala zili kale pamawaya. Koma alamuwo anaweramira pamaiki n'kulankhula naye.

"Alamu, kukhosi kwauma. Tathamangani mukanditengere madzi."

Holo yonse inafa ndi phwete. Wa banjo anaseka mpaka kuphonya waya. Telala anaima kaye, kenako anatsamiritsa gitala kukhoma n'kutsika.

Ali pampopi kuseri kwa holo, ankaimva nyimbo ija ikuyenda bwinobwino popanda iye. Madzi ankatuluka pang'onopang'ono, ndipo anadikira kuti kapu idzaze.