Mzere wa Nsanza Zofiira

Agogo anga, amayi awo a mayi anga, ankatcha adzukulu awo mayina a zam'dimba. Msuweni wanga wonenepa anali Dzungu, wina wokonda kuliza anzake anali Anyezi, ine ndinali Tsabola. Sindikana, dzinalo linandiyenera. Ndinapita kukakhala nawo ndili wamng'ono mayi anga atamwalira, ndipo ndinafika ndi pakamwa panga pomwe, poyankha ngakhale funso la eni ake.

Tauni yathu ndi yaing'ono. Msewu wa tala ndi umodzi, kenako msika, sukulu, kachipatala ndi shedi yodikirirapo basi. Ukayetsemula kumsika, a kuchipatala amakufunsa za chimfine. Koma agogo sankafuna kumva za malo ena. Amalume, mwana wawo woyamba, amene amagwira ntchito mu ofesi yaikulu mumzinda, anawatenga ulendo wina kuti akapumeko kunyumba kwawo ya mpanda. Sabata isanathe agogo anali atabwerera pa basi, akudandaula kuti kumeneko anthu sapatsana moni ndipo dothi lonse analiphimba ndi simenti. Maluwa a m'zitini amene ali pakhomo la chipatala ndi pa shedi ya basi anadzala ndi iwo, popanda wowatuma.

Kuseri kwa nyumba kunali dimba lawo. Munali zambiri, koma mtima wawo unali pa nyemba zina zoyanga, zikuluzikulu, zakuda, za timadontho toyera. Kumsika simungazipeze. Anachoka nazo kwa amayi awo pamene ankakwatiwa, ndipo ankazitcha nyemba za amayi. Chaka chilichonse ankasiya mzere umodzi osathyola, n'kumanga nsanza zofiira pa timitengo take. Umenewo unali mzere wa mbewu. Unkauma, masamba kuyoyoka, makoko kukwinyika, moti mlendo akanati mwini wake anathawa. Ukangoyandikira, mawu ankatulukira pazenera: "Iwe Tsabola, nsanzazo sukuziona?"

Kudzala kwake kunalinso ndi lamulo. Ankabaya dothi ndi chala mpaka pa mfundo yoyamba, basi. "Nyemba si maliro," ankatero. "Ukaikwirira mozama siidzuka." Nthawi yodzala ikafika, theka la tauni linkabwera pakhomo pathu ndi timapepala, aliyense kudzapempha pang'ono. Agogo ankapereka uku akunyoza, koma palibe ankabwerera chimanjamanja. M'matumba a juzi yawo yobiriwira simunkasowa nyemba. Ukachapa osayang'ana m'matumbamo, unkazipeza zitafufuma pachingwe.

Chaka chatha anayamba kutupa miyendo ndi kubanika. Ankawasamalira ndi amayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi anga, amene ankakhala nawo. Ine ndimagwira ntchito mumzinda, mu shopu ya mankhwala, ndipo ndinabwera nditamva kuti awagoneka m'chipatala. Ndinawapeza atavala juzi ija ngakhale kunja kunkatentha, dzanja limodzi lili m'thumba.

"Sendera kuno, Tsabola," anatero. "Mbewu za m'botolo zija zinafumbwa zonse. Ndinataya."

"Zonse, agogo?"

"Zonse. Zatsala za pansanza zokha, ndipo zatsala pang'ono kuuma. Ndikapanda kutuluka muno, ukathyole iweyo. Amayi ako aang'onowa nyemba amazidziwa zikakhala mumphika."

"Mutuluka, agogo. Mukathyola nokha."

"Ndakufunsa zimenezo? Ndati ukathyole."

Ndinalonjeza. Chinali chinthu chimodzi chokha chimene anandipemphapo moyo wanga wonse, munthu amene anandilera, kundisambitsa, kundiphunzitsa sukulu ndi tomato wa m'dimba lomwelo. Ndinabwerera kuntchito ndikuganiza kuti ndibweranso kumapeto kwa mwezi ndi thumba.

Mwezi sunathe. Foni inalira m'mawa ndikutsegula shopu, ndipo nditangomva mpweya wa amayi aang'ono ndinadziwa. Ndinakwera basi, ndinafika dzuwa litapendeka. Nditatsika pa shedi ndinaona maluwa awo a m'zitini atafota, koma sindinalire. Ndinayenda mpaka pakhomo, anthu akundipatsa mpata. Chimene chinandiimitsa pageti ndi utsi umene unkatuluka kuseri kwa nyumba.

Ndinazungulira. Dimba kunalibe. Panali tenti yaikulu yoyera, mipando yapulasitiki ili m'mizere, pansi atasalaza bwinobwino. Amalume anali pakati, makiyi a galimoto ali m'manja, akulozera anthu pokhomerera zingwe.

"Amalume, dimba lili kuti?"

"Wafika, mwanawe? Pepa, pepa kwambiri." Maso awo anali ofiira. "Anthu abwera ambiri, mabwana anga akubweranso. Akhala pati? Usadandaule, sitinawononge chakudya ayi. Zamasamba zonse zabwino tawapatsa ophika. Zouma zokhazo ndi zimene tatentha."

"Zouma ziti?"

"Tchire lija la kumpanda, la nsanza. Ukufuna anthu aziti tinkawasunga mayi m'zinyalala?"

Pamaliro salalata, ndikudziwa. Ine ndinalalata. Ndinawauza kuti mayi awo sanazizire n'komwe iwo ayamba kale kusesa mapazi awo. Ndinawauza kuti mabwana awowo akanatha kukhala pansi ngati anthu ena onse. Ndinanena ndi zina zimene sindingazibwereze. Amayi awiri anandigwira mikono, koma ndinawapulumuka n'kuthamangira pamoto paja. Ndinafukula phulusa ndi kamtengo, kenako ndi manja. Ndinapeza makoko akuda, nyemba zophulika zimene zinkafumbutuka ndikazigwira, ndi kachidutswa ka nsanza kofiira mbali imodzi. Apo m'pamene ndinalira, nditagwada paphulusa, anthu akuyesa kuti ndikulirira agogo okha.

Titaika maliro sindinabwerere kuntchito. Ndinati nyemba zimene zadyedwa ndi tauni yonse kwa zaka zonsezi sizingathe chifukwa cha moto umodzi. Ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo.

Ndinayamba ndi aphunzitsi opuma, amene dimba lawo limaoneka ukamadutsa pamsewu. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. "Mwana wanga, ife tinkadya zonse. Kusunga mbewu n'kovuta, zimafumbwa. Nthawi yodzala tinkangopita kwa agogo ako." Mlonda wa pachipatala ananena zomwezo. Mayi wogulitsa tomato pakhomo la msika analowa m'nyumba, anagubuduza zitini, anatuluka ndi nyemba zofiira wamba. Kulikonse anandipatsa mpando, kulikonse anandiuza zabwino za agogo: anawapatsa mbande, anawagonera kuchipatala mwana atadwala, anawakalipira chifukwa chotaya madzi a sopo pa maluwa. Mawu okoma analipo ambiri, koma nyemba ngakhale imodzi panalibe. Ndinakwiya nawo onse. Zoona, chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Ndinamalizira kwa atelala, nkhalamba imene imasoka pakhonde la sitolo. Atandiona anaimitsa makina.

"Ndamva zimene ukufuna, Tsabola. Ndilibe. Zomaliza tinaphika mwezi watha, mdzukulu wanga atabwera." Anawerama n'kutulutsa kajumbo pansi pa makina. "Nsanza zija ankatenga kwa ine. Ndikasoka chofiira ndinkawasungira zotsala. Izi ndimati adzatenge akatuluka m'chipatala. Nanga ndizitani nazo tsopano?"

Ndinalandira kajumboko. Sindinathe n'kuthokoza komwe.

Kunyumba ndinapeza tenti atachotsa. Amalume anali atakhala pa njerwa pakati pa bwalo losalala lija, opanda makiyi m'manja. Pambali pawo panali timapaketi ta mbewu tamusitolo, ta zithunzi zokongola.

"Ndafunsa m'masitolo onse," anatero osandiyang'ana. "Akuti zamtundu umenewo sazidziwa. Ine ndinakulira nyemba zimenezo, mwanawe. Koma ndinkazidziwa zili m'mbale. Pamtengo sindinaziyang'anepo." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Ndimafuna mayi apite mwaulemu. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa. Koma undikhululukire."

Ndinali nditawasungira mawu ena akuthwa, koma mkwiyo unandithera pomwepo. Anali munthu wamkulu wa imvi amene mayi ake amwalira, basi. Ndinangowadutsa n'kulowa m'nyumba.

Amayi aang'ono anali kuchipinda kwa agogo, akupinda zovala pabedi. Chipindacho chinkanunkhirabe mafuta opaka miyendo ndi dothi louma. Nsapato zawo zam'dimba zinali kuseri kwa chitseko, matope akale adakali kuzidendene. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuthandiza. Ndinatenga diresi lina, koma ndinalisiya losapinda. Ndinakumbukira dzanja lija lili m'thumba kuchipatala.

"Amayi, juzi yobiriwira ija ili kuti?"

Anapitiriza kupinda. Ndinakhuthula mulu wa zovala, ndinasuzumira pansi pa bedi, ndinatsegula sutikesi.

"Amayi, juzi ija! M'matumba muja simunkasowa nyemba!"

"Khala pansi, Tsabola."

"Mwapatsa ndani? Ndikatenga pompano."

"Ndati khala pansi." Anaika pabedi chovala chimene anagwira. "Tinawaveka. Masiku onse aja m'chipatala ankangodandaula kuzizira. Ndinati asapite opanda juzi yawo."

Ndinakhala pamphepete pa bedi.

"Nyemba zinalimo," anapitiriza. "Zodzaza dzanja. Tsiku limene tinkapita kuchipatala anandiimitsa pakhomo, analowa m'dimba akutsimphina, anathyola makoko oyamba kuuma. Usana wonse ankangozisisita m'thumbamo. Powaveka ndinazimva. Ndinalowetsa dzanja kuti ndizichotse, ndinazigwira ndithu, koma mtima unakana. Ndinati munthu amene wapatsa tauni yonse, iye apite chimanjamanja? Ndimayesa mzere wonse ulipo kuseriko. Utsi ndinaumva, koma ndimati akutentha zinyalala."

Anandiyang'ana ngati akudikira kuti ndiwalalatire. Pakamwa panga paja, pamene agogo ankati sipadzasowa chonena ngakhale m'manda, panauma. Ndikanakalipira ndani? Wina panja ankatentha chifukwa chowalemekeza, wina m'nyumba ankawasiyira chifukwa chowakonda, nthawi imodzi yomweyo, khoma lokha lili pakati. Ndinatsamira paphewa pa amayi aang'ono, ndipo tinalira awiriwiri pakati pa zovalazo mpaka amalume anabwera n'kuima pakhomo, osalowa.

Ndinabwerera kuntchito. Lonjezo langa linandikanika, ndipo zimenezo zimandipweteka mpaka lero. Ndikaona nyemba pamsika uliwonse ndimaima, ndimazitembenuza ndi chala kufunafuna timadontho toyera, mpaka ogulitsa amandifunsa ngati ndikugula kapena ndikuziwerenga.

Mvula yoyamba itagwa ndinakwera basi. Pa shedi, wina anali atathirira maluwa a m'zitini aja ndipo anali ataphukanso. Pakhomo pathu sipanabwere munthu ndi kapepala. Ndinapita kumanda ndekha, kajumbo ka atelala kali m'manja. Dothi linali litatsika pang'ono, udzu wanthete utayamba kumera. Ndinagwada n'kuupatula ndi zala, mmera ndi mmera, kuyang'ana tsamba limene ndimalidziwa kuyambira ndili mwana. Ndinkadziwa kuti sindilipeza. Agogo anatiphunzitsa okha kuti nyemba imakwiriridwa mpaka pa mfundo yoyamba ya chala, ndipo ife tinazikwirira kuya kwa munthu woimirira.

Ndinathyola kamtengo, ndinakazika kumutu kwa manda, ndinamangapo nsanza yofiira. M'tauni yathu aliyense amadziwa kuti pamene pali nsanza yofiira sagwirapo.