Nthutumba ya pa Miradoro

Anthu a ku Mualadzi adafika pamwamba pa phiri dzuwa lili paliwombo. Chinali chilimwe cha 1986, ndipo ankathawa nkhondo, kulowera ku Zambia. Msewu waukulu wa ku Cassacatiza ankaupewa chifukwa cha mabomba okwirira, n'chifukwa chake adadzera m'mapiri.

Pamwambapo panali bwinja la nyumba yodyera imene Apwitikizi ankaitcha Miradoro. Kale ankakwera kuno Lamulungu ndi magalimoto awo, kudzadya uku akuyang'ana chigwa. Tsopano malata adasasulidwa, maluwa adakula mwachisawawa mpaka kutseka tinjira, koma meza imodzi ya simenti idatsala m'mphepete mwa phompho pamodzi ndi benchi lake. A Octávio adaima n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Ali mnyamata adagwirapo ntchito yoperekera zakudya panyumbayi.

Akazi awo, a Quitéria, adafika pambuyo pa onse atatsamira mwana wawo Albina, amene anali ndi khanda kumsana. Adakhala pansi pa mtengo n'kuwongola miyendo.

"Mawa inu muzipita," adatero motsitsa mawu. "Ine miyendo yakana. Mundisiyire madzi basi."

A Octávio adayang'ana miyendo ya akazi awo. Ankadziwa chimene chidakanitsa miyendoyo. Chichokereni kumudzi, a Quitéria ndiwo ankagawa chakudya, ndipo wogawa amadya pomaliza. Chinangwa chikachepa, wa pomalizayo sapeza kanthu. A Octávio ankaona chidutswa chawo chikukula, cha Albina chikukulanso, koma akafunsa yankho linali limodzi: "Ndadya kale." Kukangana nawo kunali kutaya mawu. Mkazi amene wakhala akupatsa ena moyo wake wonse sungamuuze ndi pakamwa kuti alandire.

A Octávio adapita kuseri kwa khoma, nagwira kolona wawo, napemphera pang'ono. Atabwerako adaitana Albina.

"Ipha nkhuku ija."

"Atate, ndi yomaliza. Amayi ati tikayambire kuweta ku Zambia."

"Ku Zambia tikufuna kukafika ndi amako, osati ndi nkhuku."

"Nanga si angonena kuti adya kale?"

"Lero sagwira chipande. Iwe phika, ugawe wekha, utenge gawo lako ukadyere kutali. Asakuone."

Albina adasonkha moto mkati mwa bwinja la khitchini ndi nkhuni zouma kwambiri, kuti utsi usaonekere kuchigwa. A Aurora, anansi awo a kumudzi, adafika osaitanidwa, namasula mfundo ya pangodya ya kapulana, chitenje chawo, nathira mumphika timchere timene adasunga ulendo wonse. Kenaka adangobwerera pamalo pawo.

A Octávio adasesa meza ija ndi masamba, natunga madzi otsalira m'thanki ya simenti, nathyola maluwa ofiira n'kuwaika m'kachitini. Kenaka adafunafuna nsalu yoyera yopachika pamkono monga ankachitira kale. Yoyera imene idapezeka inali thewera la khanda lochapidwa dzulo lake. Adalipinda bwinobwino, nawongola kolala ya malaya awo ong'ambika, napita pansi pa mtengo paja.

"Bowa tarde, sinyora," adapereka moni wa masana m'Chipwitikizi. "Meza yanu yakonzeka."

A Quitéria adatsegula maso. "Mwapenga kodi, atate a Albina? Ndipo chimene mwakoleka pamkonocho ndi thewera."

"Ndi loyera."

"Anthu akuona."

"Aone. Pamene ndinkakufunsirani ndidakuuzani kuti tsiku lina mudzadya pa Miradoro. Mudandiseka."

"Ndidaseka nsapato zija. Zinali za patrau, bwana wanu uja, mumayenda ngati bakha."

"Patrau adapita, nsapato zidatha, ine ndilipo. Tiyeni."

Adawagwira pachigongono. Mwina chifukwa cha manyazi, mwina chifukwa chosowa mphamvu zokanira, a Quitéria adadzuka nayenda pang'onopang'ono mpaka pa benchi. A Octávio adatenga beseni ndi chikho cha madzi, nagwada.

A Quitéria adabisa manja m'kapulana. "Dzukani! Mwamuna kugwadira mkazi? Mukufuna mvula ikane?"

"Idakana kale chaka chatha ndisanagwade. Bweretsani manja."

Madzi adatsika pa zala zoonda, a Octávio nazipukuta ndi thewera lija. Kenaka adabweretsa mbale yawo imodzi yokhayo: chinangwa chowotcha, msuzi, ntchafu, chidali, ndipo pamwamba penipeni nthutumba. Kwawo nthutumba ndi ya mwini nyumba. Pa zaka zonse za ukwati wawo a Quitéria adaphika nkhuku zambiri, koma nthutumba ankaiika m'mbale ya amuna awo osailawa n'komwe.

Dzanja la a Quitéria lidapita lokha. Adaitola natembenuka kuti apereke. Adapeza a Octávio ataima kumbuyo kwawo, chilili, manja kumsana, maso kutsogolo.

"Tengani yanu iyi."

"Woperekera sadya mlendo ali pa meza."

"Ndiye khalani pansi, tidye."

"Sakhalanso pansi mpaka mlendo atamaliza. Ndi lamulo la nyumba ino."

"Nyumba yake iti? Ilibe ndi denga lomwe."

"Denga adaba. Lamulo palibe adalifuna."

A Quitéria adayang'ana uku ndi uku kufuna Albina. Adamuona kutali, atawafulatira, akudya ndi a Aurora. Panalibe wina womupatsira.

"Inu simunadye chiyambire dzulo," adatero.

"Ndadya kale."

"Bodza!"

"Ndidaphunzira kwa inu."

Mphepo yotentha inkakwera kuchokera kuphompho n'kumagwedeza maluwa a m'kachitini. A Quitéria adayang'ana pansi naona mapazi a amuna awo, otupa, ong'aluka zidendene, ataponda simenti yotentha pamene panalibe mthunzi. Adadikira kuti mwina atopa. Thukuta lidatsika m'khosi mwa a Octávio, koma sadasunthe.

"Mugwa," adatero a Quitéria.

"Mwina. Zili kwa mlendo."

"Ndinu munthu wouma mutu."

"Msuzi ukuzizira, sinyora."

A Quitéria adapuma mozama. Adachita chizindikiro cha mtanda, nayamika Mulungu chamumtima, nanyema chinangwa n'kusunsa mumsuzi. Nthongo yoyamba idavuta kumeza. Yachiwiri idatsika bwino. Atamva mchere adatseka maso pang'ono.

"Mcherewu ndi wa a Aurora," adatero.

"Sindikudziwa za kukhitchini ine."

Ankadya pang'onopang'ono akuyang'ana chigwa. Kuchokera pamenepo dziko lonse linali poyera: mtsinje wouma wokhotakhota, minda yopserera, ndi kutali uko kadontho koyera kamene kanali tchalitchi chawo.

"Azungu aja ankaona chiyani pano?"

"Ankangoti n'kokongola, n'kujambula zithunzi."

"Sankadziwa kuti paja pali mitengo iwiri ya mango ndi munda wa amayi anga?"

"Ine ndinkadziwa. Tsiku lina ndidathira vinyo pa meza m'malo mwa m'kapu chifukwa ndinkayang'ana ngati muli kumunda."

"Simungaone munthu kuchokera pano."

"Ndinkaona duku lofiira."

A Quitéria adafuna kuseka koma m'malo mwake misozi idalengeza. "Manda a amayi ali pomwepo. Adzalambula ndani?"

"Ifeyo, Mulungu akalola. Koma wolambula ayambe wakhala ndi moyo."

A Quitéria adamaliza chidali, napukuta msuzi ndi chinangwa chotsala. Nthutumba adaisiya pambali mpaka pomaliza. Adaitembenuza ndi chala, nayang'ana kumbuyo ngati mwana amene akuba shuga, naiponya m'kamwa. Adatafuna, natafunanso.

"Ndi chimenechi mwakhala mukudya nokha zaka zonsezi? Kulimba ngati lamba wa njinga!"

"Ndinkakusungirani mano."

Apa ndiye adaseka zenizeni, mpaka kutsokomola, ndipo Albina adacheuka kutali kuja nabwezanso nkhope msanga.

M'mbale mudatsala ntchafu yokha. A Quitéria adasamba m'manja, nakankhira mbaleyo kumbali ya benchi imene inali yopanda munthu.

"Mlendo wamaliza."

"Mbale sinayere."

"Suja munkandiuza kuti azungu akakhuta ankasiyira woperekera kanthu pa meza? Kapena lamulo limenelo adaba pamodzi ndi denga?"

A Octávio adayang'ana mbale, nayang'ana nkhope ya akazi awo. Chinangwa chonse chinali chitatha, ndipo m'maso mwawo munali mutabwerera kuwala. Adachotsa thewera pamkono, nalipinda, nakhala pansi mwapang'onopang'ono chifukwa mawondo anali atauma. Adadya ntchafuyo ali phewa ndi phewa ndi akazi awo, anthu onse akuona.

Dzuwa litapendeka, a Quitéria adaloza kamtengo kowongoka kamene kadamera m'mbali mwa khoma.

"Mundidulire kaja kakhale kandodo kanga. Musadule kopindika ngati kanu."

M'mawa mwake, anthu atamanga akatundu, a Octávio adabwerera pa meza kukatenga mbale. Adapeza yatsukidwa kale, maluwa a m'kachitini athiridwa madzi. Atatembenuka adaona a Quitéria ali kale panjira yotsikira kumpoto, ndodo m'manja, Albina ali pambuyo pawo.

"Fulumirani, atate a Albina," adaitana osacheuka. "Nyumba yanuyo mwatseka, alendo apita."